Momwe mungalondolozere kusintha kwa nyengo pa phiri la Mulanje chaka ndi chaka

Anthu a ku Mulanje ndi ku Phalombe safunika kuuzidwa kuti nyengo yasintha, makamaka chiwombereni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukwirira midzi. Koma mukafunsa kuti madzi a mu Likhubula achepa motani poyerekeza ndi kale, ambiri amayankha zongokumbukira. Zokumbukira zimaiwalika, pomwe zolembedwa zimakhala. N'chifukwa chake makalabu a zachilengedwe m'sukulu, operekeza alendo m'phiri ndi makomiti a m'midzi ayenera kuyamba kuyeza ndi kulemba.

Pamwamba pa phiri ndi pamene kusintha kumaonekera msanga. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Dziko likamatentha, zomera za m'munsi zimakwera pang'onopang'ono, ndipo zimene zinazolowera chisanu cha ku Sapitwa, pa mamita 3,002, zilibe kwina kothawira.

Yambani ndi chilolezo. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, choncho kaonaneni ndi a Dipatimenti ya Zankhalango, ndipo dziwitsaninso bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust. Mafumu asamve nkhaniyi mphekesera, chifukwa m'phirimo muli malo a mizimu amene sakhomedwa zikhomo mwachisawawa.

Kenako sankhani malo. Njira yabwino yotengera ndi ya GLORIA, gulu la akatswiri loyendetsedwa kuchokera ku Vienna, limene layeza zomera za m'mapiri kuyambira 2001. Iwo amasankha nsonga zinayi zosiyana kutalika, ndipo pa nsonga iliyonse amaika timabwalo ta mita imodzi mulitali ndi mulifupi kumpoto, kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo. Gulu laling'ono lisadzipanikize. Malo awiri kapena atatu apafupi ndi nyumba zogona alendo za Chambe, Lichenya kapena Thuchila ndi okwanira, bola akhale patali ndi njira imene anthu amaponda.

Apa ndi pamene ntchito imakhalira kapena kufera: kabwalo kaja muyenera kudzakapezanso patapita zaka. Khomani chitsulo chachifupi pa ngodya iliyonse, chifukwa mtengo umapsa kapena kuwola. Lembani manambala a GPS a pafoni, koma musawadalire okha, poti amaphonya ndi mamita angapo. Jambulani mwala waukulu wapafupi, yezani ndi tepi mtunda wochokera pamwalapo, ndipo lembani zonse m'kope mwakuti mlendo angathe kufikapo popanda inu.

Tsopano gwadani muwerenge. Lembani chomera chilichonse chimene chili m'kabwalomo ndi gawo la nthaka limene chaphimba, osaiwala pamene pali mwala kapena dothi lokhalokha. Chomera chimene simukuchidziwa musachipekere dzina. Jambulani masamba ndi maluwa ake, mukafunse a National Herbarium ku Zomba. Mukatha, imirirani mujambule kabwalo konse kuchokera pamwamba, tepi ikuoneka. A GLORIA amabwereza kalemberayu pakapita zaka 5 mpaka 10, koma chithunzi mutha kujambula chaka chilichonse, m'mwezi womwewo.

Ngati ndalama zilipo, kwirirani kachipangizo koyeza kutentha masentimita 10 m'nthaka, kazilemba kokha ola lililonse. Choyezera mvula chikhale poyera, kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo chiwerengedwe m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi. Tsiku limene sinagwe lembani 0, limene simunawerenge siyani mpata. Ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Onjezani masiku a chiperoni, poti nkhungu imeneyi imanyowetsa phiri m'miyezi yopanda mvula. Pamtsinje, pentani mizere pa thanthwe losasuntha n'kumaona pamene madzi afika.

Chenjerani ndi kukankhira chilichonse ku nyengo. Mkungudza wa ku Mulanje watha makamaka chifukwa cha ocheka matabwa ndi moto wolusa. Choncho mukapeza phulusa, zitsa, uvuni wa makala kapena paini womera yekha pafupi ndi kabwalo, lembani ndi deti lomwe. Mukapanda kutero, wodzawerenga kope lanu adzaganiza kuti udzu unasintha chifukwa cha kutentha, chonsecho unapsa.

Akatswiri a zanyengo amafuna zaka 30 kuti anene za nyengo ya dera, ndiye ntchitoyi idzapitirira anthu amene mwaiyambitsa. Kope likhale pawiri, lina kusukulu, lina kwa a zankhalango, ndipo tsamba lililonse mulijambule pafoni. Ulendo uliwonse tengani wachinyamata mmodzi, apeze yekha zitsulo zija inu mutangoima chapatali.