Utsi wa fakitale ya kwanuko: poyambira ngati mukufuna lamulo ligwirenso mpweya wotenthetsa dziko

Amene mumakhala kufupi ndi Makata, Chirimba kapena Maone mukudziwa zomwe ndikunena, kuyanika zovala m'mawa pokanula madzulo zili ndi timadontho takuda. Umenewo ndi mwaye, umaoneka ndipo umatsokomoletsa. Koma mu chumuni momwemo mumatulukanso carbon dioxide yemwe saoneka, sanunkha, koma ndi amene akutenthetsa dziko, ndipo ife a ku Blantyre kuno chichokereni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 nkhani ya nyengo sitiyimveranso pa wailesi ayi, tinayiona ku Chilobwe ndi maso.

Ndiye langizo langa ndi limodzi basi: musakayambe ndi mawu oti "fakitale iyi ikusintha nyengo". Yambani ndi utsi womwe lamulo limaudziwa kale, mpweya winawo muukokere momwemo.

Nzeru imeneyi si yanga, ku America anadutsamo. Lamulo lawo la Clean Air Act la 1970 analilembera utsi wodwalitsa anthu. Mu 2007, pa mlandu wa boma la chigawo cha Massachusetts ndi bungwe lawo loteteza chilengedwe la EPA, khothi lawo lalikulu linati mpweya wotenthetsa dziko nawonso ndi woipitsa mlengalenga pansi pa lamulo lomwelo. Zinamveka bwino, koma kenako masamu anakana. Lamulolo limati malo otulutsa matani 100 kapena 250 a mpweya woipa pachaka azikhala ndi chilolezo, pomwe carbon dioxide ngakhale sukulu yaikulu kapena chipatala chimadutsa pamenepo osadziwa nkomwe. EPA inakweza malirewo yokha mu 2010 kufika matani 75,000 ndi 100,000, ndiye mu 2014 khothi linawakaniza kuti simungasinthe manambala a nyumba ya malamulo mwa inu nokha, koma linalola kuti fakitale yomwe ikufunika kale chilolezo chifukwa cha utsi wina mutha kuyiuzanso kuti ichepetse mpweya wotenthetsa dziko. Khomo lake ndi limenelo, chilolezo chomwe chilipo kale.

Kwathu kuno chogwira ndi Environment Management Act ya 2017, yomwe inalowa m'malo mwa ya 1996 ndikukhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Lamuloli limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala malo aukhondo ndi osadwalitsa, komanso ntchito zikuluzikulu zisanayambe ziyenera kuunikidwa kaye momwe zikhudzire chilengedwe ndi anthu, ija amati ESIA.

Choyamba gulani kope. Inde kope wamba la ku golosale. Muzilemba tsiku, nthawi yomwe utsi wayamba ndi yomwe wasiya, mtundu wake, mphepo ikupita kuti, mujambulenso pa foni muli panjira osalowa mu mpanda mwa eni. Muchite zimenezi mwezi wathunthu, ndipo mukhale angapo chifukwa munthu mmodzi amangomuti ali ndi chifukwa ndi abwana.

Kenako dziwani chomwe amawotcha, apa ndi pomwe pali nkhani yonse. Carbon dioxide safuna makina odula kuti muyerekeze kuchuluka kwake, mumangowerenga mafuta. Lita imodzi ya dizilo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7, tani imodzi ya malasha imatulutsa matani oposa awiri. Tingoyerekeza jenereta yomwe ikumwa malita 500 patsiku, ndiye kuti makilogalamu 1,350, mukachulukitsa ndi masiku 300 mwapeza matani 405 pachaka, jenereta imodzi yokha osawerengera boyila. Mukumbukire momwe majenereta ankalirira malo opangira magetsi a Kapichira atawonongeka ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022. Ndipo musanamizidwe kuti "ife timawotcha nkhuni si malasha", ngati mitengoyo sakubzalanso mpweya ndi womwewo, tingotayanso nkhalango pamwamba pake. Madamu a madzi oipa a fakitale nawo amatulutsa mpweya wa methane, womwe pa zaka 100 amatenthetsa pafupifupi ka 28 kuposa carbon dioxide.

Mukatero lembani kalata, osati kungoimba foni. Imodzi ku khonsolo ya mzinda ku Civic Centre, ina ku MEPA, mudziwitsenso khansala wanu, ndipo kalata yomwe mutsale nayo ayidinde kuti alandira. M'kalatamo funsani zinthu zoti munthu sangayankhe ndi "tiona": fakitaleyi ili ndi chilolezo chanji, chinaperekedwa liti, utsi wake unayezedwa liti molingana ndi miyezo ya Malawi Bureau of Standards, nanga lipoti la ESIA lili kuti. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, litchuleni m'kalatamo, limathandiza kuti pepala lanu lisagone mu drowa.

Nthawi yabwino kwambiri yokankhira za carbon dioxide ndi pomwe fakitale ikufuna kukulitsa kapena kumanga yatsopano, chifukwa pa ESIA amayenera kumva maganizo a anthu okhudzidwa. Ambirife misonkhano imeneyi timapitira fanta ndi kusaina, pepani koma ndi zoona. Pitani ndi masamu anu aja, pemphani kuti zilembedwe mu mapulani awo kuti azinena malita ndi matani omwe awotcha chaka chilichonse, azikonza boyila, ndipo anene ngati anaganizirako za sola. Chinthu chikalembedwa ngati chofunika kutsatira pa chilolezo chasanduka choti mutha kuwafunsa nacho chaka chamawa. Mutha kuwakumbutsanso kuti Malawi ali mu pangano la za kusintha kwa nyengo la Paris la 2015, komanso ife a magalimoto takhala tikulipira msonkho wa utsi, uja wa carbon tax, kuyambira 2019.

Musapite ndi mtima wotseketsa fakitale, m'menemo mukugwira ntchito alamu anu. Boyila yokonzedwa bwino imadya malasha ochepa, ndiye abwana nawonso apulumutsa ndalama, muwauze choncho.

Khothi likhale lomaliza, ndipo pitani ndi loya. Nkhani ya mapulasitiki opyapyala inafika mpaka ku Supreme Court mu 2019 koma kukokanakokana kunapitirirabe zaka zingapo, ndiye sungani kope lija ndi makalata odinda onse mu fayilo imodzi, loyayo adzayambira pomwepo.