Bondo laduka ACL ndipo akukuuzani za mtsempha wochita kupanga? Yambirani apa

Ngati munali pa mpira kenako bondo linapotokoka, munamva kuti phwa, likutupa komanso mukamatembenuka limangogwedera ngati lithawa, nthawi zambiri ndi ACL imeneyo, kamtsempha ka mkati mwa bondo kamene kamagwira fupa la ntchafu ndi la msongolo kuti la msongololo lisamatsetsereke kupita kutsogolo. Vuto lake ikaduka siimalumikizana yokha bwinobwino, ndiye madokotala amaikapo wina.

Choyamba musathamangire opareshoni. Dokotala wa mafupa akuyezeni ndi manja, pali kayezedwe kena kotchedwa Lachman komwe amakoka msongolo kuti aone ngati ukusuntha mopyola, kenako sikani ya MRI ione ngati meniscus, kachichereche kokhala pakati pa mafupa a bondo, nayo yang'ambika, chifukwa zimenezi zimasintha zonse.

Kenako nkhani ya mtsempha woikapo. Ambiri amatenga wa m'thupi mwanu momwe, kuseri kwa ntchafu kapena kunsi kwa chivindikiro cha bondo. Wochita kupangayo wodziwika kwambiri ndi LARS, wochokera ku France, wopangidwa ndi ulusi wa PET, pulasitiki yomweyo ya mtundu wa mabotolo koma yolukidwa mwapadera. Ubwino wake sakudulani kwina kuti atenge mtsempha, ndipo umakhala wolimba kuyambira tsiku loyamba. Koma apa ndipomwe ndikufuna mumvetsetse, pulasitiki siikhala yamoyo. Mtsempha wanu thupi limaulandira, magazi amalowa, umasanduka wa pabondopo, pomwe wa ulusiwu umangoperepeseka zaka zikamapita ndipo tizidutswa take tikhoza kutupitsa bondo mkati. M'zaka za m'ma 1980 anayesa ya carbon, ya Dacron ndi ya Gore-Tex, yambiri inaduka kapena kubweretsa kutupa mpaka anaisiya. LARS anaikonza bwino kuposa amenewo, ndipo osewera ngati Nick Malceski wa Sydney Swans ku Australia anabwerera mu timu patangotha pafupifupi miyezi 3 atamuika LARS mu 2008, anthu nkutengeka nazo, koma ine ndikanakhala wachinyamata wofuna kusewera zaka zambiri ndikanafunsa kaye kawiri. Afunseni a dokotala chifukwa chomwe akusankhira umenewu kwa inu, aika kangati, komanso ukaduka adzatani, poti mabowo amene amaboola m'mafupa popititsa mtsemphawo nthawi zina amakula ndipo kukonzanso kumavuta.

Tsiku la opareshoni lisanafike yambani mafizo, masewera olimbitsa bondo amene a fizo akuchipatala amakuphunzitsani. Bondo lizitha kuongoka lonse, kutupa kuchepe, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu idzuke. Amene amalowa theatre ndi bondo louma amatulukanso nalo louma, mwinanso kuposa. Ngati mumasuta fodya siyani, amachedwetsa kupola.

Opareshoniyo amaichita ndi kakamera, timabala tating'ono basi, amaboola fupa la ntchafu ndi la msongolo, kupititsa mtsemphawo ndi kuumanga ndi masikuluwu.

Mukabwerera kunyumba, mwendo ukhale pamwamba, ikani ayisi wokulunga pansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, osati mwachindunji pakhungu. Pilo musaike pansi pa bondo, ikani pansi pa chidendene kuti bondo liongoke, ambiri amalakwitsa apa chifukwa kupinda pang'ono kumamveka bwino koma ndi momwe bondo limaumira. Gwedezani phazi pafupipafupi kuti magazi aziyenda, ndodo zija yendani nazo mpaka a fizo anene kuti zisiyeni. Katumba akayamba kupweteka ndi kutupa, kapena mukubanika, kapena bala likutuluka mafinya ndipo thupi latentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo musadikire la cheki.

Za kubwerera ku masewera musawerenge kalendala. Bondo likhoza kusiya kupweteka pa mwezi wachiwiri koma minofu ikadali yofooka, ndiye a fizo ayeze mphamvu za miyendo yonse iwiri, mudumphe ndi mwendo umodzi, ndipo wovulalawo ukafanana ndi mnzake ndiye muyambe kuthamanga mokhotakhota.