Kudzutsa makina akale a gemu oponyamo ndalama

Mwafunsa momwe mungadzutsire makina a gemu za pavidiyo amene mwawapeza atadzaza fumbi m'sitolo ina ku Kapata. Musawalumikize kumagetsi kaye.

Zofunika: sikuludiraiva, multimeter (chipangizo choyezera magetsi), burashi yofewa, guluu wa matabwa, sandipepa, penti ndi thiransifoma yotsitsa magetsi.

1. Werengani zolembedwa kumbuyo kwa makinawo. Ochokera ku America amafuna 120V, a ku Japan 100V, pomwe magetsi athu ndi 230V. Mukawalumikiza popanda thiransifoma, akhoza kupsa nthawi yomweyo.

2. Jambulani mawaya onse ndi foni musanazule chilichonse.

3. Apa ndi pamene anthu amavulala. Sikirini ya galasi, yonga ya TV zakale, imasunga magetsi oopsa ngakhale makina atazimitsidwa kwa masiku. Musakhudze kamphira komatidwa pagalasi, pomwe pamalowa waya wonenepa. Itanani wokonza ma TV akale achotse magetsiwo, asinthenso ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) otupa. Osadzichitira nokha, chonde.

4. Tulutsani bolodi ya gemu (yomwe pali tizipangizo toyendetsa gemuyo), muipukute ndi burashi youma. Madzi ayi.

5. Gogodani matabwa a pansi. Pomwe pakumveka ngati mulibe kanthu, chiswe chinadya kale. Dulani, muike thabwa latsopano. Zithunzi za m'mbali musazikhule ndi sandipepa, n'zovuta kuzipezanso. Pentani malo opanda zithunzi okha.

6. Masulani mabatani ndi chogwirira choseweretsera gemu, mutsuke, muumitse.

7. Musanabwezere bolodi, yatsani makinawo kudzera pa thiransifoma, muyeze ndi multimeter waya wa 5V wopita ku bolodi, kenako muzimitse. Magetsi akapitirira 5V kwambiri, bolodi imawonongeka. Zikakhala bwino, lumikizani motsatira zithunzi zanu zija, kenako yatsani dzanja lili pa switchi.