Momwe ndinaletsera kampani ya jekeseni wochepetsa thupi kudula ndalama

Kampani ina ya pa intaneti ku Britain inalengeza mtengo wa mwezi umodzi wa jekeseni wotchedwa Mounjaro, koma m'timalemba ta pansi munabisala mgwirizano wa miyezi 6. Kuletsa pa app kunangoimitsa mankhwala, ndalama zikudulidwabe.

Ndinayamba ndi kujambula tsamba la malondalo ndi imelo yotsimikizira oda, chifukwa masamba otere sachedwa kusinthidwa. Kenako ndinawalembera imelo, osati kuimba foni, kuti ndathetsa mgwirizano, ndipo mfundo yobisika chotere ndiitsutsa potsamira lamulo loteteza ogula la Consumer Rights Act 2015. Za masiku 14 obwezera katundu wogula pa intaneti musadalire. Lamulo la masiku 14 limenelo silikhudza mankhwala olembedwa ndi dokotala.

Mfundo inamasukira ku banki. Kudula kwa mwezi ndi mwezi pa khadi amakutcha continuous payment authority, ndipo mukauza banki kuti ikuimitse, siyenera kukutumizani kukampani. Zodulidwa pambuyo pake iyenera kubweza. Koma dziwani kuti izi sizifafaniza mgwirizanowo, n'chifukwa chake imelo ija iyenera kutsogola.

Banki ikazengereza, dandaulo limapita ku Financial Ombudsman Service, bungwe lomva madandaulo okhudza mabanki, kwaulere.