Musanagule basi yosandutsidwa nyumba, yambani mwalowa pansi pake

Ntchito yanga ndi yokonza mabasi ku Luwinga mu mzinda wa Mzuzu, makamaka ma Coaster, ma Rosa ndi ma Civilian. Masiku ano kukubwera funso lomwe kale sitinkalimva: "Amakaniko, ndaona basi pa Facebook, inali ya sukulu, anachotsamo mipando n'kuikamo bedi, khitchini ndi sola. Ndigule?" Amene amafunsa amakhala atagwa kale m'chikondi ndi makatani ndi makabati. Ine ndimawauza kuti apa mukugula zinthu ziwiri, galimoto ndi nyumba, koma chimene chidzakudyereni ndalama ndi galimotoyo. Kabati akakhala woipa kalipentala wa ku Chibavi akonza Loweruka limodzi. Chasisi chikaola, nyumba yonseyo ndi nkhuni basi.

Tiyambe ndi mtundu wa basi. Zithunzi zambiri zomwe mumaona pa intaneti ndi za mabasi achikasu a ku America, a Blue Bird kapena Thomas, aatali mpaka mamita 12. Kumeneko ndi otchipa, chifukwa masukulu amawagulitsa akakalamba. Kuno musalimbane nawo. Chiwongolero chili kumanzere, ndipo chitseko chili kumanja, kutanthauza kuti pa M1 mwana wanu akamatsika azitsikira pakati pa msewu. Masipeyala ake simungawapeze ku Hardware Market, ngakhale ku Lilongwe. Zathu kuno ndi za ku Japan zomwe zimalowa kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe. Zina mwa izo zinkanyamula ana a sukulu za mkaka, n'chifukwa chake zimabwera ndi zithunzi za nyama m'mbali ndi timipando tating'ono. Coaster yaitali imakhala pafupifupi mamita 7, ndipo ya denga lalitali munthu wa msinkhu wamba amaimirira bwinobwino m'kati. Nyumba ya anthu awiri imakwana.

Mukapeza Coaster ya injini ya 1HZ, ija ya masilinda 6 ndi malita 4.2, mwapeza yabwino. Ndi injini yomweyo ili m'ma Land Cruiser a maambulansi, ilibe kompyuta, ndipo makaniko wa ku Rumphi kapena ku Chitipa amaidziwa. Ndi yaulesi pa mtunda, inde, koma ulendo wanu si wa mpikisano. Ingofunsani kuti lamba wa taimingi anasintha liti. Injini zatsopano ngati N04C ya Coaster kapena 4P10 ya Rosa zili ndi mphamvu ndipo sizimwa kwambiri, koma zikadwala zimafuna makina oyezera, ndipo dizilo wakuda wa m'zigubu samagwirizana nazo.

Musananyamuke kukaiona, muuzeni mwini wake akutumizireni mapepala pa WhatsApp. Dzina lomwe lili pa khadi la galimoto likhale la munthu amene akugulitsayo, osati la sukulu yomwe inagulitsa basiyo zaka zapitazo, kapena la "achimwene ali ku Johannesburg". Mukafika, werengani nokha nambala ya chasisi yomwe inadindidwa pa chitsulo, muifanizire ndi ya pa khadi, chilembo ndi chilembo. Nkhani yaikulu ili pa mabasi a alendo omwe abwera akuyendetsa kuchokera kunja, ali ndi nambala za dziko lina. Basi yotero imakhala yalowa ndi chilolezo chongodutsa, msonkho wake sunalipidwe. Mtengo umaoneka wabwino, koma kuti mulembetse m'dzina lanu, a MRA adzafuna msonkho wonse, ndipo mwiniwakeyo adzakhala atakwera kale ndege. Pitani limodzi ku MRA akuwerengereni ndalamazo musanagwirizane mtengo.

Ku Road Traffic pitaninso nokha, musatume dobadoba. Basiyo pa khadi inalembedwa kuti ndi ya mipando yakutiyakuti, pomwe m'kati mwatsala iwiri ndi bedi. Afunseni kuti aione, akuuzeni zoyenera kusintha pa kaundula kuti COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, isadzakuvuteni, makamaka ngati idakali ndi nambala zofiira za magalimoto onyamula anthu. Laisensi ya code B imathera pa makilogalamu 3,500, ndipo Coaster imapitirira pamenepo, choncho mufunika C1. A inshuwalansi nawo auzeni chilungamo kuti m'basimo mumagona anthu ndipo muli gasi.

Mapepala akakhala bwino, valani ovolosi. Tengani tochi, hamala yaing'ono, sikuludiraiva ndi maginito. Pitani m'mawa kwambiri, ndipo mumuuziretu mwini wake kuti asailize. Mukafika gwirani injini. Mukaipeza yofunda, dziwani kuti pali chimene sakufuna muone, chifukwa kuzizira kwa Mzuzu m'mawa kumaulula injini yotopa. Ikalira, yang'anani utsi. Woyera wa kanthawi kochepa si vuto, koma ukapitirira injini itatentha, madzi akulowa kapena mainjekita atha. Wabuluu ndi oyilo akupsa. Tsegulani chotsekera oyilo injini ikulira: chikamavina ndi kutulutsa utsi wambiri, mapisitoni atha ntchito. Oyilo akamaoneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka, kapena m'radiyeta mukamatuluka thovu, tsanzikani mwaulemu muzipita.

Makilomita ochepa asakunamizeni. Basi ya sukulu imayenda maulendo aafupi, kuima ndi kunyamuka tsiku lonse, kenako kulira chiimire podikira ana. Kilatchi ndi mabuleki zimatha msanga kuposa momwe nambala ya pa dashibodi ikunenera. Ikakhala kuti inagwiranso pa sukulu ya konkuno, ndiye inanyamulanso nkhuni, chimanga cha ku boarding ndi anthu a kumaliro.

Tsopano lowani pansi, ndipo musafulumire kutuluka. Gogodani chasisi ndi hamala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira, choola chimangoti phu, n'kumakugwetserani dzimbiri m'maso. Samalani pamene masipiringi amangirira ku chasisi, pa masitepe a chitseko, kuseri kwa matayala akumbuyo ndi m'bokosi la mabatire, pomwe asidi amadya chitsulo. Mabasi ochokera kumadera a chipale ku Japan amabwera atadyedwa ndi mchere womwe amathira m'misewu. Mukaona pansi ponse apaka phula lakuda lonyezimira, lapompano, bayani ndi sikuludiraiva. Munthu sapaka pansi pa basi kuti pakongole. M'mbali mwa bodi yendetsani maginito, makamaka m'munsi mwa mawindo. Pamene akukana kumata ndi pamene anamatapo bodifila.

Vuto la basi yosandutsa kale ndi lakuti nyumbayo imabisa galimoto. Amene anamanga anaphimba pansi ndi matabwa, makoma ndi pulayiwudi, ndipo zimene zili kuseriko amadziwa ndi iye yekha. Ndi chikomekome cha mkuyu chija. Ndiye muuzeni akuonetseni zithunzi za nthawi yomwe ankamanga. Amene anagwira ntchito yabwino amakhala nazo zambirimbiri m'foni, ndipo amasangalala kukuonetsani mmene anatsekera mabowo a mabawuti a mipando. Mabowo amenewo akasiyidwa, madzi a mumsewu amalowera pansi n'kuoletsa matabwa mwakachetechete. Yendani opanda nsapato basi yonse, pamene pakubonyoka paola. Nunkhizani m'makabati ndi pansi pa matiresi. Onaninso ngati anasiya kachitseko kofikira pa injini kali pakati pa mipando yakutsogolo. Ndinalandirapo ina yomwe wina anamangapo sofa pamwamba pake, ndipo kuti tione oyilo tinayamba ndi ukalipentala.

Kenako kwerani padenga ndi payipi ya madzi. Bowo lililonse lomwe anaboola, la sola, la mpweya, la keriyala, ndi khomo la mvula. Mnzanu akhale m'kati inu mukuthira, makamaka pa malabala a mawindo ndi m'ngalande za m'mbali mwa denga. Silikoni wa ku bafa sapirira dzuwa ndi kugwedezeka. Amene akudziwa amagwiritsa ntchito zomatira za magalimoto ngati Sikaflex. Kuno mvula imagwa mpaka April ndi May, pomwe anzathu a kumwera ayamba kale kukolola, ndiye basi yodontha pang'ono ku Mangochi, ku Mzuzu imakunyowetsani bulangeti.

Ngakhale denga lisadonthe, m'kati mumatha kunyowa. Mu June ndi July, anthu awiri akagona m'bokosi lachitsulo atatseka mawindo, mpweya wawo umasanduka madontho padenga. Kuphika ndi gasi kumaonjezera chinyezicho. Funsani chimene anaika pakati pa chitsulo ndi pulayiwudi, ndipo muonetsetse kuti padenga pali potulukira mpweya. Pomwepo ndi pamene padzakupulumutseni ku Chintheche mu October, limodzi ndi masefa otchinga udzudzu m'mawindo.

Za kuzizirazi ndinene mosapsatira: mbaula isalowe m'basi usiku, ngakhale mukhale ku Chelinda pa Nyika mano akugwedera. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umapha munthu ali m'tulo. Gasi naye ali ndi malamulo ake. Ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amatsikira pansi n'kudikira moto. Silinda ikhale chiimire, yomangidwa, m'bokosi lakelake lokhala ndi bowo pansi lotulukira kunja. Pakani thovu la sopo polumikiza ponse, muone ngati likufufuma. Chozimitsira moto chikhale pafupi ndi chitseko, ndipo chitseko kapena windo lothawira kumbuyo lisatsekedwe ndi bedi.

Magetsi ndi kumene anthu amasewera kwambiri. Mabasi ambiri a dizilowa ndi a 24V, mabatire awiri. Wosadziwa amangotenga 12V pa batire imodzi kuti ayatse wailesi ndi firiji, ndipo batire imeneyo imafa msanga n'kukokera inzake. Mabatire a nyumba akhale paokha, kuti mukaonera TV usiku wonse basi ilirebe m'mawa. Pafupi ndi batire pakhale fyuzi. Waya wa m'nyumba wamba, uja wa chitsulo chimodzi cholimba, amathyoka ndi kugwedezeka. M'galimoto mumafunika wa timawaya tambiri. Podutsa pa chitsulo pakhale labala. Mukaona mawaya ongopota n'kukulunga ndi tepi, werengerani ndalama zoyambiranso. Sola yomwe imakwana kunyanja, ku Mzuzu kukachita mitambo masiku angapo imagonja, choncho onani ngati mabatire a nyumbawo amatchajanso injini ikamayenda.

Chimene ambiri saganizira ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 200 ndi matumba anayi a simenti. Onjezerani mabatire, silinda, firiji, ndi makabati ngati anapangira mlombwa kapena matailosi. Paini wa ku Chikangawa ndi pulayiwudi yopyapyala ndi zimene zimayenera mu basi. Pa kachitsulo ka pafupi ndi chitseko kapena pa khadi panalembedwa kulemera komwe basi isapitirire. Ikwezeni pa sikelo ya magalimoto matanki atadzaza. Zolemera zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Imani kumbuyo muione: ikapendekera mbali ya khitchini, masipiringi akulira kale. Matayala nawo ali ndi tsiku lobadwa. Pambali pali manambala anayi, monga 2318, kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Basi yokhalamo imaima nthawi yaitali, matayala amang'aluka mapazi ake adakali atsopano, ndipo apa mukunena za matayala 6, osawerengera lapadera. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, imeneyo si ndalama yoiwala pokambirana mtengo.

Kuyesa kwake si kuzungulira pa Katoto n'kubwerera. Thirani dizilo wanu, mudzaze matanki a madzi, mutsike ku Nkhata Bay. Ndi makilomita osakwana 50, koma msewuwo umafunsa mafunso onse. Potsika gwiritsani ntchito giya yaing'ono ndi buleki ya ekizozi, mumve ngati ikugwira. Basi yodalira phazi lokha mabuleki amapsa, ndipo pa Chiweta zimenezo zatengapo miyoyo. Pokwera yang'anitsitsani muvi wa kutentha ndi kumvetsera kilatchi ngati ikuterereka. Mnzanu akhale kumbuyo, pa mpando wa lamba, azimvetsera zimene zikuphokosera ndi madirowa omwe akutseguka okha pokhota. Mukabwerera imikani pa simenti youma, mumwe tiyi, kenako muone zimene zadontha.

Dziwaninso kuti basi siifika kulikonse. Msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba si wa Coaster yodzaza nyumba, ndipo mchenga wa m'mbali mwa nyanja umameza matayala akumbuyo. Ganizirani kumene izigona mukakhala m'tauni, chifukwa sola ndi mabatire zimakopa maso. Mpanda wa wachibale ku Chiputula kapena ku Zolozolo ndi wabwino kuposa depoti. Kumudzi yambani mwakaonekera kwa amfumu. Chimbudzi cha m'basi chikathiridwe m'chimbudzi chokumba, osati m'nyanja. Ndipo zolowerani kuti pa siteji iliyonse anthu azikuimikani, ena mpaka kukwiya kuti mwawasiya basi ili ndi malo.

Mukakhutira, pemphani kugonamo usiku umodzi musanalipire, mvula ikakhalapo ndi bwino kwambiri. Lembani pa pepala chilichonse chimene chikutsala m'basimo, mapanelo angati, mabatire angati, inveta, jeke, tayala lapadera, chifukwa zina zimasowa pa tsiku lotenga makiyi. Lipirani kudzera ku banki, gawo loyamba posainirana, lotsala mukatuluka limodzi ku Road Traffic khadi lili m'dzina lanu. Sabata yoyamba sinthani oyilo, mafiluta onse, madzi a mabuleki ndi a m'radiyeta, kaya mwini wake walumbira kuti anasintha dzulo.