Momwe Mungaonerenso Sewero Lakale Loseketsa ndi Mnzanu Amene Sanalionepo

Anthu amene ankakonda sewero loseketsa la pa TV zaka zapitazo akagwirizana zolioneranso limodzi, kawirikawiri amaitana mnzawo amene sanalionepo. Zokonzekera zonse ziyenera kutsata mnzanuyo, chifukwa enanu mukubwereza zimene mukuzidziwa kale, pomwe iye mwayi wolionera koyamba ali nawo kamodzi kokha.

Yambani ndi kusankha magawo. Mwachitsanzo, The Fresh Prince of Bel-Air, sewero lomwe linkaonetsedwa pa kanema wa NBC ku America kuyambira 1990 mpaka 1996, lili ndi magawo 148, ndipo lililonse limatenga mphindi pafupifupi 22 mukachotsa zotsatsa malonda. Magawo atatu kapena anayi ndi okwanira madzulo amodzi. Gawo loyamba musalidumphe, popeza ndi limene limaonetsa mmene Will, mnyamata wa ku West Philadelphia, anayambira kukhala m'banja lolemera la Vivian, m'bale wa amayi ake, ku Bel-Air.

Okonda sewero amafuna kuthamangira gawo limene linawakhudza kwambiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. M'gawo lina la 1994, bambo ake a Will amabwerera patatha zaka 14 atamusiya, kenako amamukhumudwitsanso, ndipo Phil, mwamuna wa Vivian, yemwe ankaseweredwa ndi James Avery, amamukumbatira Will osanena kanthu. Gawo limeneli limagwetsa misozi kwa munthu amene waona kale kangapo Will ndi Phil akukangana pa tinthu ting'onoting'ono. Mukalionetsa tsiku loyamba, mnzanuyo adzangoona anthu awiri achilendo akulira, choncho lisungeni kufikira atawazolowera.

Sewero likayamba, ntchito yaikulu ya amene analionera kale ndi kugwira pakamwa. Musatsogole kunena mawu amene wosewera asanawanene, musayambe kuseka nthabwala isanafike, ndipo pewani mawu akuti "tamvera apa" kapena "ona zimene zichitike". Chovuta kwambiri, m'kuona kwanga, ndi kutembenukira mnzanuyo nthawi iliyonse kuti muone ngati akuseka, chifukwa munthu akadziwa kuti maso ali pa iye amayamba kuseka mokakamizika pofuna kukusangalatsani, ndipo zikatero sakuoneranso sewero. Ndi bwino kumukhazika pampando umene wayang'anizana ndi TV, enanu mukhale m'mbali.

Mafunso ayankheni mwachidule. Akadabwa kuti nkhope ya Vivian yasintha, ingomuuzani kuti mu 1993 Daphne Maxwell Reid analowa m'malo mwa Janet Hubert, ndipo nkhani yonse ya kusinthako idikire kumapeto. Ngati Chingerezi cha m'sewerolo chikumuthamangira, yatsani mawu olembedwa m'munsi. Chithunzi cha masewero a nthawi imeneyo ndi chopapatiza, ndipo musachitambasule kuti chidzaze TV yamakono, chifukwa nkhope zimapindika.

Nthabwala zina zinakalamba. Kunyoza Phil chifukwa cha kunenepa ndiponso mwana wake Carlton chifukwa cha kufupika kumabwerezedwa kambirimbiri, ndipo mnzanuyo akapanda kuseka kapena akanena kuti sizikumusangalatsa, musayambe kuliikira kumbuyo sewerolo. Iye akuliona ndi maso a lero, ndipo angakuonetseni zimene munazidumpha muli ana.

Gawo lomaliza likatha, mulekeni ayambe ndiye kulankhula, ndipo tsiku lodzapitiriza mulikonze pokhapokha iye mwini atafunsa za gawo lotsatira.