Mukagwera dzanja: zochita fupa la pamfundo ya dzanja likathyoka

Munthu akaterereka, dzanja ndi limene limathamangira pansi. Fupa limene limathyoka kawirikawiri ndi radius, fupa la mkono la mbali ya chala chachikulu, pafupi ndi mfundo ya dzanja. Pa ntchito yanga kuchipatala ndimaliona kwambiri kwa amayi amene anasiya kusamba, poti mafupa awo amafooka, ndi kwa ana.

Liyang'aneni dzanjalo cham'mbali. Likapindika ngati foloko, musachite kufunsa, lathyoka. Dokotala Abraham Colles wa ku Dublin, ku Ireland, anafotokoza kuthyoka kotereku mu 1814, makina a X-ray kulibe. Koma si manja onse othyoka amene amapindika. Ngati patupa, pakupweteka mukadina pafupa penipeni, ndipo kapu ikukukanikani kunyamula, musangoti ndabinya.

Vulani mphete msanga zala zisanatupe. Ndadulapo mphete zaukwati zokanirira pa chala chotupa, eni ake misozi ili chuchuchu. Musakoke dzanja, musalisisite. Ligonekeni pa kathabwa kapena katoni yopinda, mangani mosathina, likwezeni kuposa pamtima, nyamukani wa kuchipatala. Fupa likaboola khungu, phimbani ndi nsalu yoyera ndipo musachedwe n'komwe.

Kuchipatala timajambula ndi X-ray kawiri, chakutsogolo ndi cham'mbali. Tiuzeni ngati chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zachita dzanzi, chifukwa mtsempha wa zala zimenezi umapanikizika pamenepo. Fupa likasuntha, timabaya mankhwala opha ululu n'kuliwongola. Chikhakha choyamba sitizunguliza mkono wonse, timasiya mpata wa kutupa. Likaphwanyikira mkati mwa mfundo, kapena likakana kukhazikika, pamafunika opaleshoni yoika chitsulo.

Apa ndiye ambiri amaphonya. Ululu ukatsika, saoneka pa tsiku lojambulanso. Chonsecho fupa limatha kusunthanso mkati mwa chikhakha m'masabata awiri oyamba, mwini wake osamva kanthu. Tikaliona nthawi imeneyi timaliwongolanso. Mukachedwa limagwirana chokhota.

Wamkulu amakhala ndi chikhakha masabata pafupifupi 6, mwana 3 kapena 4. Musachinyowetse, ndipo kukayabwa musalowetsemo waya. Zala, chigongono ndi phewa muziziyendetsa tsiku lililonse, apo ayi zimauma. Zala zikazizira, zikasintha mtundu, kapena ululu ukamakula ngakhale mwamwa mankhwala, bwererani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, tikachimasule.